Mtanda wa konkire umene ndinaumbira apongozi

Pali zinthu zina zimene munthu umachita uli wachinyamata n'kumaganiza kuti pakapita zaka anthu adzaiwala. Nkhani ya mtanda wa konkire anthu a ku Bundabunda sanaiwale. Ena amene amaikamba lero anali asanabadwe n'komwe, ndipo aliyense amathiramo zake, ndiye ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha mwini wake mmene inayendera. Chaka chatha ndinamva wina akunena kuti ndinaphetsa ng'ombe ziwiri. Palibe ng'ombe inafa, ndineneretu. Chimene chinaonongeka kwambiri tsiku limenelo ndi buluku langa ndi ulemu wanga.

Zinali zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya. Ine kwathu ndi kum'mawa, cha ku Fort Jameson, koma ndinapita ku Lusaka kukafuna ntchito. Ndinaipeza kwa mzungu wina womanga nyumba. Ntchito yanga inali kusakaniza daka, matope omangira njerwa aja, ndi kukankha wilibala, basi. Miyezi isanu ndi itatu imene ndinagwira kumeneko sindinayalepo njerwa ngakhale imodzi. Koma maso ndinali nawo. Ndinkaona amisiri akukhoma matabwa pamwamba pa khomo, akuyalamo zitsulo, ife n'kuthiramo konkire. Pakapita masabata ankachotsa matabwa aja, mtanda n'kutsala uli nji, wanyamula njerwa zonse za pamwamba. Ndinkaona zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, mpaka mumtima ndinayamba kudziwerengera m'gulu la amisiri.

Ntchito itatha ndinakwatira Rozaliya, amene ndinamuona koyamba pa chikondwerero cha tchalitchi ku Kasisi, ndipo ndinapita kukakhala kwawo ku Bundabunda ngati mkamwini. Apongozi anga aamuna, a Bonifasi, anali mlimi wolimbika. Anali ndi ng'ombe zinayi, pulawo ndi ngolo. Ine sindinakule ndi ng'ombe. Tsiku loyamba kundipatsa pulawo, ng'ombe zinandikoka mpaka m'munda wa eni ake, n'kulima mzere umodzi wokhota pakati pa mtedza wawo. A Bonifasi sanali munthu wokalipa. Ndikalakwitsa ankangondiyang'ana, kenako n'kuyang'ana mwana wawo, n'kupitiriza zimene akuchita. Bola akanamakalipa.

Pofika chaka chachitatu tinali ndi mwana mmodzi, Tereza, ndipo ine mtima unali pa kutenga banja langa kukamanga pangapanga. Koma kuti akulole kutenga mwana wawo, apongozi ankayenera kuona kuti pali chimene umatha. Ine chimene ndinkatha chinali chisanaoneke.

Chaka chimenecho a Bonifasi anaganiza zomanga nyumba ya njerwa yosungiramo ngolo ndi matumba a chimanga. Yakale inali ya mitengo, ndipo chiswe chinali chitadya mtanda wa pakhomo mpaka kutsala khungwa. Anaotcha njerwa, n'kuitana mmisiri, a Lungu, bambo wofatsa amene anaphunzira kumanga ku mishoni ali mnyamata. Makoma anakwera bwinobwino. Vuto linali khomo. Linayenera kukhala lalikulu loti ngolo izilowa, mayadi atatu m'lifupi, ndipo pamwamba pake panafunika chinthu choti chinyamule njerwa ndi denga.

Tsiku lina masana awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango akukambirana zimenezi. Ine ndinali nditangotula ndowa ya madzi chapafupi.

"Njira zili ziwiri," anatero a Lungu. "Tifune mtengo wa mubanga wowongoka, koma wautali choncho ni wosowa. Kapena nimange njerwa mokhota monga makomo a ku tchalitchi. Koma iyo ifuna nthawi."

Ndinanjuta chapatali, monga mkamwini, n'kulankhula moyang'ana a Lungu, koma mokweza pang'ono kuti apongozi amve.

"Ku Lusaka sitichita zimenezo, Ba Lungu. Timaumba mtanda wa konkire." (Muone mawu akuti "timaumba" amenewo, ochokera kwa munthu wa wilibala.) "Konkire chiswe sichidya. Mukaikamo zitsulo, ng'ombe ingaimirire pamwamba pake, siungathyoke."

A Bonifasi anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anandiyang'ana osayang'ananso kwina.

"Atate a Tereza, inu mungaupange?"

"Ningaupange," ndinatero, ndisanadzifunse n'komwe.

A Lungu anakanda kumutu. "Matabwa na mizati yoti tiumbire pamwamba pomwepo tilibe. Tizaumbira pansi. Manje chinthu cha miyala na simenti, chautali choncho, tizachikweza bwanji? Ku Lusaka muli na makina. Kuno tili na mapewa chabe."

Zimenezo ndinali ndisanaziganize. Koma ndinakumbukira kuti mzungu uja ankatenga zotsalira za malasha opsa, zija zimakhala zibulumwa zopepuka za mabowo mabowo, n'kumaumbira mabuloko amene munthu unkanyamula ndi dzanja limodzi.

"Tizaika malasha opsa m'malo mwa miyala," ndinatero. "Ukhala wopepuka, koma wolimba chimodzimodzi."

(Mabuloko ajatu anali a makoma a m'kati, ogawa zipinda, osanyamula kanthu. Ndipo mlingo wa simenti ankauwerenga ndi kapitawo, ine ndinkangothira chimene andiuza. Zonsezi ndinazikumbukira bwino, koma patapita mwezi.)

Apongozi anaitanitsa matumba awiri a simenti ku Lusaka. Lole inawatula pa Chongwe, pamene nthawi imeneyo panali masitolo owerengeka chabe, ndipo ine ndinakawatenga pa njinga, limodzilimodzi, ndikukankha. Thumba lina linali litagwira miyala mbali imodzi. Ndinaisinja miyalayo, n'kusefa, n'kunena kuti simenti ndi simenti. Malasha opsa tinakatenga ndi ngolo pa famu ina ya fodya pamene ankawataya kuseri kwa mabani oumitsiramo fodya. Pomwepo kapitawo wa pafamupo anandilola kutola zitsulo ziwiri pa mulu wa zakutha. China chinali chachitali bwino, china chinaperewera, ndiye ndinachilumikiza ndi waya waminga wa mpanda. Waya wotsala ndinati ndisataye, ndinaupinda kanayi n'kuuyala pambali pa zitsulo zija kuti uwonjezere mphamvu.

Tinakumba kangalande kowongoka pafupi ndi khomo, n'kuikamo matabwa m'mbali. Zitsulo ndi waya ndinaziyala pansi penipeni, chifukwa ndimo mmene ndinkaonera ku Lusaka. Ichi chokha ndinachita molondola, ngakhale chifukwa chake sindinkachidziwa. Kenako ndinasakaniza simenti, mchenga ndi malasha aja, mlingo wa m'maso. Nditaona kuti simenti ikuchepa ngalande isanadzaze, ndinawonjezera malasha. Pomaliza ndinabwereka mpeni womangira wa a Lungu n'kusalaza pamwamba pake mpaka kuwala ngati mbale. Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera. Ine ndinkalankhula pang'ono, ngati munthu amene wachita zimenezi kambirimbiri.

Konkire imafuna madzi kuti ikhwime, zimenezo ndinkadziwa. Wotunga madziwo anali amake Tereza, ndipo kumtsinje kunali kotalikirapo.

"Ninali na mwana mmodzi wosambitsa," anatero tsiku lachinayi akutula mtsuko. "Manje nili na wachiwiri, ndipo uyu afuna katatu pa tsiku."

Ku Lusaka ankadikira masabata atatu kapena anayi asanachotse matabwa. Koma uku mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo alionse, ndipo apongozi ankafuna kufolera mvula isanagwe. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anatuma mwana wawo kudzafunsa ngati wauma. Ndinakaugogoda ndi chala, n'kupendeka mutu ngati ndikumva chinachake.

"Uzani atate kuti mawa tikweza. Wopepuka umauma msanga."

M'mawa mwake kunabwera amuna asanu ndi mmodzi. Tinachotsa matabwa, n'kuugudubuza mtanda uja kuti tiumange zingwe. Apa ndi pamene ndinaona mbali ya pansi. Inali yonyansa. Inali ndi mabowo ngati chulu chogumulidwa, dothi litakakamira, ndipo mwina ndi mwina zitsulo ndi minga za waya zinkaonekera. Apongozi aakazi anali ataima chapatali, pamodzi ndi mwana wawo. Ine ndi iwo sitinkalankhulana, tikakumana panjira wina ankapatuka, ndiye mawu awo onse kwa ine ankadzera mwa Rozaliya. Tsikulo analankhula kwa Rozaliya, koma mwa mawu oti afike.

"Ndiye chimenechi ni chimene chizayamba kutiyang'ana masiku onse tikamalowa?"

Manyazi anandigwira. Ndinayang'ana mbali yosalala ija, imene ndinatherapo theka la tsiku, ndipo ndinaona kuti ikakhala pamwamba ikwiririka ndi njerwa, palibe adzaione.

"Tiutembenuze," ndinatero. "Kosalala kuyang'ane pansi, koipa kubisike na njerwa."

A Lungu anaimitsa dzanja. "Zitsulo zili mbali iti?"

"Zili mukati, Ba Lungu."

"Nidziwa kuti zili mukati. Nifunsa kuti tikatembenuza zizakhala pansi kapena pamwamba."

"Chitsulo ni chitsulo. Pansi, pamwamba, mphamvu yake ni imodzi."

Iwo anali mmisiri wa njerwa ndi mitengo, konkire anali asanaigwirepo, ndiye analibe pogwira kuti anditsutse.

"Chabwino," anatero. "Amene munagwira ku Lusaka ndinu."

Kunena chilungamo, kupepuka kokha unali wopepukadi. Amuna asanu ndi mmodzi aja anaukweza akuseka, n'kuukhazika pa makoma awiri aja ngati akukweza mtolo wa udzu. A Lungu anachirikiza pakati ndi mzati, n'kuyala mizere isanu ya njerwa pamwamba pake. Lachisanu madzulo anachotsa mzati uja, ataima cham'mbali. Mtanda sunagwedezeke. Madzulo amenewo kunyumba kwa apongozi anapha nkhuku, ndipo mbale imene inabwera kwathu inali ndi nthutumba. Zaka zitatu ndinali ndisanalawe nthutumba pamudzipo. Ndinaidya pang'onopang'ono.

Loweruka m'mawa ndinapita kukauyang'ana, monga munthu amayendera munda wake. Nditaima pansi pake n'kukweza maso, ndinaona kamzere pakati penipeni, kopyapyala ngati tsitsi, kodutsa mbali yosalala ija kuchoka kuno kufika uko. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu. Ndinatenga simenti yochepa yotsalira m'makona a thumba, n'kuinyowetsa m'chikhatho, n'kumata ndi chala. Kamzere kanasowa, mtima unakhala pansi.

Lamlungu m'mawa kanali katabwerera, ndipo tsopano munthu ukanatha kulowetsamo udzu. Ndinamatanso. Pobwerera kunyumba ndinapeza amake Tereza akumuveka mwana. Anayang'ana zala zanga.

"Simenti pa Sondo?"

Ndinawauza, koma mochepetsa. "Ni kamng'alu chabe. Konkire imatero, imapuma."

"Imapuma," anabwereza. Anamaliza kumanga lamba wa diresi la mwana. "Tereza sazapita pafupi na khomo lija. Ndipo inu muwauze atate."

"Nizawauza tikachoka ku mapemphero."

Ku mapemphero sindinamve ngakhale liwu limodzi la akatekisiti. Ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma alionse amene ndinkakonza ankathera pakuti "ndinanama", ndiye ndinkayambiranso. Potuluka ndinamva apongozi akuitana anthu kuti akaone nyumba yatsopano. Anabwera ambiri, amuna ndi akazi, atavala za ku tchalitchi. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mthunzi wabwino unali pakhomo pomwepo. Anthu anatenga mipando n'kukaika pamenepo. A Bonifasi anakhala pakati, mng'alu uli pamwamba pa chipewa chawo. Ngolo inali kumbuyo kwawo, mkono wake utatulukira pakhomo.

Pagululo panali msuweni wa apongozi, mkulu wina amene sankavomereza chinthu chilichonse asanachigogode. Anakweza ndodo yake n'kugogoda mtanda uja. Kafumbi kanayoyokera pa phewa la a Bonifasi.

"Chikulira ngati chitsononkho ichi," anatero mkuluyo. "Chinganyamule denga?"

"Atate a Tereza ananena kuti ng'ombe ingaimirirepo," anayankha a Bonifasi, mosadzitama koma mokhutira. "Ng'ombe sitingaikweze. Koma munthu angakwere."

Onse anatembenukira kwa ine.

Imeneyo ndiyo inali nthawi yoti ndinene zoona. Ndimaidziwa bwino chifukwa ndakhala ndikuibwereza m'mutu zaka zonsezi. Ndinanjuta, n'kuomba m'manja, pakamwa n'kutseguka, koma chimene chinatuluka ndi china.

"Ningakwere. Koma mwina akuluakulu angasunthe pang'ono, kuopa fumbi pa zovala za pa Sondo."

Anasuntha, mipando n'kupita nayo pabwalo. Nditacheuka ndinaona a Lungu atagwira kale mkono wa ngolo, akuitana amuna awiri ndi maso kuti awathandize kuitulutsa. Sanandiyang'ane. Anaikankhira kutali ndithu, kupitirira pamene fumbi likanafika.

Ndinakwera makwerero a mitengo nditavala buluku langa la khaki, lokhalo la ku tchalitchi. Maganizo anga anali oti ndiime kumapeto, pamene mtanda wakhalira khoma, ndikweze dzanja, nditsike.

"Apo ni pa khoma," anatero msuweni uja. "Pakati."

Ndinakhala pamwamba pa njerwa zija, miyendo uku ndi uku ngati ndakwera bulu, n'kumadzikhwekhwereza pang'onopang'ono. Ndinafika pakati. Palibe chinachitika. Ndinadikira. Palibe. Anthu anayamba kuomba m'manja, ndipo ndinaona apongozi akugwedeza mutu kwa msuweni wawo. Ndikanatsika pamenepo, mwina mtandawo ukanadzagwa tsiku lina pa munthu wina, ndiye lero ndimati Mulungu anagwiritsa ntchito kupusa kwanga. Chifukwa nditamva m'manja muja, mantha anachoka, ndipo ndinadzidumphitsa pang'ono pa matako kuti aone kulimba kwake. Kamodzi. Kawiri.

Kunamveka phokoso laling'ono, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Kenako ndinaona kuti anthu akukwera m'mwamba. Panatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti ndine amene ndikutsika.

Sunathyoke kamodzi n'kamodzi ayi. Pansi pake panayasama, koma zitsulo zija, pokhala zinali pamwamba, zinangopindika osaduka, ndiye mtandawo unagwada pakati mwaulemu, pang'onopang'ono. Njerwa zinayamba kutsetsereka n'kumagwa, zina kutsogolo, zina kumbuyo, imodzi n'kundimenya pa phewa. Ine ndinapendekera kutsogolo kuti ndidumphe. Apa ndi pamene waya waminga uja, amene ndinati ndisataye, anagwira ntchito yake. Anakola buluku langa kumbuyo, cha m'chiuno, ndipo ndinatsala lendelende, mutu ndi manja zikuloza pansi, zala zikungotsala pang'ono kukhudza dothi. Kenako msoko wa kumbuyo unayamba kutumbuka, ulusi umodziumodzi, pabwalo pali zii moti aliyense ankaumva.

Mutu wanga unali m'kati mwa nyumba. Mbali imene inayang'ana anthu mwaidziwa kale. Ndipo poyang'ana pakati pa miyendo yanga, dziko lili chadodolido, munthu woyamba kumuona anali apongozi aakazi, mayi amene kwa zaka zitatu ndinkawapatukira panjira kuti tisaonane nkhope. Anakoka mpango n'kuphimba kumaso, n'kutembenuka, n'kuyenda mofulumira kupita kuseri kwa nkhokwe mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Rozaliya anadzandiuza pambuyo pake kuti sanali kulira.

"Musagwedezeke," anatero a Lungu, mawu ali phee ngati akupempha njerwa. "Zina zikali pamwamba."

Anachotsa njerwa zotsala imodziimodzi, n'kuika mpando pansi panga kuti ndigwirepo, kenako anatulutsa mpeni n'kudula buluku lija pamene linakodwa. Ndinagwera pa mpando. Amake Tereza anali atafika kale, atamasula chitenje chawo chapamwamba. Anandikulunga nacho m'chiuno, n'kumanga mfundo yolimba. Ndinadutsa pakati pa mpingo wonse nditavala shati yoyera, nsapato ndi chitenje cha maluwa. Pa phewa panatupa sabata imodzi. Chipsera cha waya ndili nacho mpaka lero, koma chili pamalo poti mungondikhulupirira.

Ndikuchoka ndinamva a Bonifasi akulankhula ndi msuweni wawo.

"Mwanena zoona, sichinganyamule denga." Anasasa fumbi pa phewa. "Koma kupepuka ni kopepuka. Chikanakhala cha miyala, sembe tikukamba zina."

M'mawa mwake sindinatuluke m'nyumba. A Lungu ndi amene anabwera, atanyamula phesi la chimanga laliwisi. Anakhala pakhonde n'kundiitana.

"Gwirani uku na uku," anatero. Ndinagwira nsonga ziwiri, iwo n'kukanikiza pakati ndi chala. "Yang'anani. Likung'ambika kuti?"

"Pansi."

"Nanga pamwamba?"

"Pakufinyana."

"Mtengo uliwonse umene ninauona ukuthyoka pakhomo unayambira pansi. Pamwamba pamafinyana, pansi pamakokeka. Konkire yanu ija kufinya ipirira, monga njerwa. Kukoka ni kumene siingathe. Ndiye azungu anu aja amaika chitsulo pansi kuti chigwire pamene pakukokeka. Ife tinachiika pamwamba, pamene chinalibe nchito." Anataya phesi lija. "Usiku wonse n'naganiza zimenezi. Sembe n'naziganiza tsiku lija, sembe n'nalimbikira. Komanso simenti inachepa. Nafikisa chidutswa m'manja, chayoyoka monga chigumu."

Anati "ife tinachiika", ngakhale tonse tinkadziwa amene anachiika. Sindinaiwale zimenezo.

Madzulo ndinapita kwa apongozi, Rozaliya ali pakati pathu monga mwa mwambo. Ndinapepesa za simenti, za njerwa zosweka, za masiku otayika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Njerwa tizatola," anatero. "Simenti ni kanthu kogula. Munthu kuyesa chinthu n'kulephera, ine sinidandaula, nanenso n'nalepherapo zambiri. Chimene chanipweteka ni chimodzi. Munaona mng'alu pa Chiweru. Munauonanso pa Sondo m'mawa. Ndiye munanisiya nikhale pansi pake, na alendo anga."

Ndinayang'ana Rozaliya. Anali akuyang'ana pansi, koma osati mwamanyazi. Anali atawauza zonse, ndipo anachita bwino. Za buluku anthu amaseka mpaka lero, nanenso ndimaseka nawo, koma mawu amenewa sindinawasekepo.

Mvula inagwa nyumba ija isanafoleredwe. Ngolo inakhala panja dzinja lonse itaphimbidwa ndi udzu, ndipo matabwa ake ena anafufuma. Mvula itatha a Lungu anamanga khomo lokhota la njerwa, lija ananena poyamba, ndipo wowapatsira njerwa ndi daka ndinali ine. Za kukamanga pangapanga sindinazitchulenso kwa zaka ziwiri. Zaka zimenezo ndinazithera pambuyo pa a Lungu, mudzi ndi mudzi, mpaka anayamba kundisiyira khoma kuti ndimalize ndekha. Anali ndi chizolowezi chondifunsa chinthu anthu ali pomwepo, n'kudikira. Ndikanena kuti "sinidziwa", ankagwedeza mutu n'kundionetsa. Mawu amenewo poyamba ankandivuta kunena. Pano amatuluka, ngakhale si nthawi zonse.

Titasamuka n'kumanga nyumba yathu kufupi ndi Chongwe, ndinaumbanso mtanda wa konkire wa khomo la kutsogolo. Ndinaika miyala yeniyeni, simenti yokwanira, zitsulo zitatu zopanda cholumikiza, ndipo mbali ya zitsulo ndinailemba ndi makala kuti PANSI, malemba akuluakulu. Ndinauthirira masabata anayi, madzi ndikutunga ndekha. Ulipo mpaka lero, ulibe ngakhale kamzere. Ana athu onse anakulira pansi pake.

Koma amake Tereza sakhala pakhomo limenelo. Kusankha nyemba amasankhira pabwalo, kucheza amachezera pabwalo, ndipo akamalowa m'nyumba amafulumiza mwendo pang'ono akafika pamenepo. Tsiku lina, tonse imvi zitamera, ndinawafunsa.

"Zaka zonsezi mtanda uwu sunachite kanthu. Simuukhulupirira?"

"Mtanda uli bwino," anatero akupitiriza kusankha nyemba. "N'naona mukuumba, munachita zonse. Koma amene anaumba nimudziwa."